Chimanga chofiirira pamunda wotsetsereka ku Choma: tiyambire pati?

Mlangizi wa ku Choma:
Akuluakulu, thandizeni nzeru. Munda wa ekala imodzi, wotsetsereka, dothi la katondo. Eni ake amathira NPK ndi urea chaka ndi chaka, koma chimanga chakumtunda chimalekera m'chiuno, masamba ali ofiirira, pomwe chakumunsi chikubereka. Mizere inaloza kudambo, mapesi amatentha pososa. Iwo akuti chaka chino awonjezera thumba la urea. Ndiwauze chiyani?

Wa zosamalira nthaka:
Za urea zibadikira, achimwene. Yambani mwakumba dzenje lakuya masentimita 50 kumtunda, lina kumunsi, muyerekeze kuchindikala kwa dothi lakuda. Dothi lakuda lakumtundalo mukalipeza litasamukira kumunsi. Muone pakati pa masentimita 15 ndi 20, pamene khasu limalekezera chaka chilichonse. Pamenepo pamauma gwa chifukwa cha khasu ndi kuponda m'makwalala. Zulani nandolo kapena chisoso: muzu ukakhala wopindikira m'mbali, mwapapeza. Madzi salowa, ndiye ndi mvula ya kuno ku Mzuzu yofika mpaka Epulo, khwalala lililonse loloza kumunsi limasanduka ngalande.

Mayi wa zoyeza dothi:
Kufiirirako ndi njala ya phosphorous, ngakhale akuthira NPK. Katondo wa kuno ndi wowawasa kale, ndipo pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ikatsika pansi pa 5.5 aluminium ndi iron zimamanga phosphorous, mizu osamupeza. Urea wa zaka zambiri popanda manyowa amawonjezera asidi, sulphate of ammonia ndiye kuposa. Kutentha mapesi kumauluza nitrogen ndi sulphur, n'kusiya dothi lamaliseche. Tengani dothi malo 10 mpaka 15 moyenda mokhotakhota, kuya masentimita 20, lakumtunda palokha, lakumunsi palokha. Pachulu ndi pamene panayaka moto muzilambalala. Sakanizani m'ndowa yapulasitiki, tumizani theka la kilogalamu kokayezetsa. Mlingo wa laimu wochepetsa asidiyo uchokere pa zotsatirazo, osati kuganizira, ndipo alowe m'dothi mwezi umodzi kapena iwiri musanadzale.

Wa zosamalira nthaka:
Zoona mayi, koma laimu pamizere yoloza kumunsi ndi mphatso kwa mwini dimba lakudambo. Akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa chitsetso, ayambe. Mitengo iwiri yofanana msinkhu, chingwe cha mamita 5, levulo pakati penipeni, anthu atatu. Musanayambe, yesani pamalo amodzi n'kusinthanitsa mitengoyo; kadontho ka mu levulo kakasuntha, chingwe sichinamangidwe pofanana. Yambirani kumtunda kwenikweni, chifukwa kalozera wakumunsi yekha amasefukira n'kubala chigwembe. Potsetsereka pang'ono akalozera atalikirane mamita 15, potsetsereka kwambiri 5. Zikhomo zosonyeza modutsa kalozera zikakhota mopitirira muziwongole ndi maso musanaunde. Kenako mizere yonse itsate kalozera, pa masentimita 75, ndi ngonyeka (timizere totseka khwalala) mamita awiri kapena atatu alionse, mosemphanitsa khwalala ndi khwalala.

Vetiva, udzu wodzala motsata kalozera, ndi pamene ambiri timalakwitsa. Adulidwe masamba kutsala masentimita 15, adzalidwe mvula itakhazikika, phando ndi phando masentimita 10 mpaka 15. Mukatalikitsa pofuna kusunga mbewu, madzi amasonkhana pampatapo n'kukumba kuposa kale. Wofa abwezeretsedwe chaka chomwecho.

Mlangizi wa ku Ekwendeni:
Nanga pouma gwa paja? Akalozera sapaswa. Njira ya a bungwe la Tiyeni ndi kukumba ndi piki kuya masentimita 30, bedi la mita imodzi m'lifupi, losapondedwanso. Ntchito yake ndi yowawa, choncho ekala yonse chaka chimodzi musawalonjeze. Ayambe ndi kachigawo kakumtunda mu Meyi kapena Juni dothi lisanaumitse. Kwinako nandolo, mizu yake imaboola yokha pang'onopang'ono.

Mlangizi wa ku Choma:
Ndamva. Koma za mapesi akana, akuti amaitana chiswe.

Mayi wa zoyeza dothi:
Chiswe chikapeza zouma pansi chimatanganidwa nazo. Chimagwetsa chimanga kwambiri m'munda wosesedwa. Akaumirira, mapesiwo apite kudzenje la kompositi ndi ndowe, abwerere ngati manyowa, manja awiri paphando. Ndalama ya thumba lowonjezera lija igule laimu zotsatira zikabwera.