Mwana wanga akufuna kusiya physics, ati economics ndi zimodzimodzi

Membala wosadzitchula: Abale ndithandizeni, tulo sindikupeza. Mwana wanga wachisamba ali ku yunivesite konkuno ku Harare, amaphunzira physics. Pano akuti akufuna economics, ati masamu ake ndi amodzimodzi moti sataya kanthu. Ine fizi ndimaipeza pogulitsa tomato ku Mbare Musika. Bambo ake chipitireni ku Johannesburg foni sayankha, alamu anga amene analonjeza laputopu ali zii, chonsecho paukwati wa mwana wawo ndinasonkha. Ndi zoona zimenezi kapena akundipusitsa?

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, mwanayo sakunama kwenikweni. Akatswiri a zachuma anabwereka masamu ku physics. Mu 1874 Léon Walras anafotokoza msika ngati mphamvu zokokana mpaka zitafanana, nzeru imene anaitola m'buku la Louis Poinsot la mechanics, nthambi ya physics. Irving Fisher, wophunzira wa katswiri wa physics Willard Gibbs ku yunivesite ya Yale, anachita kupanga makina a madzi osonyeza kukwera ndi kutsika kwa mitengo. Jan Tinbergen, amene analandira Nobel yoyamba ya economics mu 1969 pamodzi ndi Ragnar Frisch, anayambira ku physics.

Agogo a ku Highfield: FISHER YEMWEYO mu 1929 anauza dziko kuti masheya akhazikika pamwamba, mwezi usanathe msika wa New York unagwa, iye mwini chuma chake psiti! Aphunzitsi, mbali imeneyo mwaisiyiranji? Ine penshoni yanga ya moyo wonse inasungunuka ndi kukwera kwa mitengo mu 2008. Chaka chotsatira ndinagwira ndalama ya pepala ya 100 trillion, ndani anandiwerengera zimenezo?

Mtsikana wa ku Mufakose: Mayi, ali chaka chanji? Ndipo mayeso apitawa anakhoza?

Agogo a ku Highfield: Mwala ukauponya m'mwamba umagwa, sumva mphekesera. Koma mtengo wa shuga umakwera anthu akangomva kuti ndalama yathu ya ZiG igwa. Masamu a mwala angagwire munthu wamantha? Mwanayo asachoke ku physics.

Kondakitala wa Kombi: Ngakhale Isaac Newton anadyeredwa ndalama pa masheya a kampani ya South Sea mu 1720. Ndiye inu agogo ndinu ndani kkkk

Mphunzitsi Wopuma: Agogo, za 2008 sizinadabwitse masamu. Fisher yemwe mukumunyozayo ndi amene analemba MV = PT: mukasindikiza ndalama zambiri katundu asakuchuluka, mitengo imakwera. Komanso si nthawi zonse pamene physics inali patsogolo. Louis Bachelier analemba masamu a kuyendayenda kwa mitengo pa msika wa Paris mu 1900, Albert Einstein n'kudzafika pa masamu ofananawo mu 1905.

Agogo a ku Highfield: Ngati akatswiriwo ankadziwa, bwanji sanaletse? Mayina a azungu sagula ufa, aphunzitsi.

Amayi Awiri: Zonsezi n'zolekerera ana. Wanga anasinthasintha chonchi, lero ali pakhomo akudya nsima yanga.

Mtsikana wa ku Mufakose: Apite ku ofesi ya dipatimenti akafunse ngati makosi amene anakhoza adzawerengedwe, apo ayi mulipira chaka china. Mayi, yankhani, ali chaka chanji?

Membala wosadzitchula: Zikomo nonse. Alamu aja aona positiyi, andiimbira mokalipa. Nanga alipo akudziwa kogula laputopu yotchipa?

Agogo a ku Highfield: Mukagule ndi madola, ZiG musasunge. Ndanena ine.