Sitolo yakale pa Boma ikuyoyoka m'munsi: ikonzedwe bwanji osaigwetsa?

Wa pa Boma

Akuluakulu, tithandizane nzeru. Pa Boma pano ku Mangochi pali nyumba ya sitolo, ya zija za makonde aatali a nsanamira, kamtunda pang'ono kuchokera pa chipilala cha wotchi. Ndi ya njerwa zootcha, makoma okhuthala njerwa imodzi ndi theka, denga la malata. Eni ake akufuna izichititsa lendi koma osaigwetsa. Pulasitala wa simenti amene anapakidwa m'mbuyomu akufufuma n'kumagwa kuyambira pansi mpaka m'chiuno, ndipo kuseri kwake njerwa zikungoyoyoka ngati ufa. Pali mng'alu wopendekeka wochokera pa ngodya ya windo kukwera kudenga. Msewu wa kutsogolo tsopano uli pamwamba kuposa khonde, ndipo pa poloti yoyandikana akufuna kukumba fandeshoni ya nyumba yosanja. Womanga wina wati pulasitala achoke yense, apake wina wa simenti wolimba, muyezo umodzi wa simenti ku itatu ya mchenga, kenako penti wa oyilo. Kodi wanena zoona? Ntchito iyambire pati, nanga malamulo akuti chiyani?

Mmisiri wa Njerwa

Achimwene, womangayo musamupatse kaye ndalama ya simenti. Chimene akufuna kuchitacho ndi chomwe chadwalitsa nyumbayo.

Nyumba za nthawi imeneyo zinamangidwa ndi njerwa zofewa, zolumikizidwa ndi matope kapena laimu, ndipo zambiri zilibe chotchinga chinyontho pamwamba pa fandeshoni. Khoma lotere limamwa madzi kuchokera pansi, n'kumawatulutsa ngati nthunzi kudzera m'mizere ya pakati pa njerwa. Mukaliphimba ndi simenti ndi penti wa oyilo, madziwo amasowa potulukira, ndiye amakwera mpaka mita imodzi kapena kupitirira. Amakwera ndi mchere wa m'nthaka. Kutentha kwa ku Mangochi kukaumitsa khoma, mcherewo umauma kuseri kwa pulasitala n'kumaphulitsa nkhope ya njerwa. Ufa mukuuonawo ndi umenewo.

Yambani mwadziwa chimene analumikizira njerwa. Kokotani pang'ono pakati pa njerwa ndi msomali. Kachidutswa kena kaikeni m'kapu ya madzi: kakasungunuka n'kukhala thope, ndi dothi. Kena kathireni viniga: kakachita thovu kwambiri ndipo kakufumbutuka ndi zala, ndi laimu. Chimene mwapezacho ndi chimene mubwezere, kapena chofewa mofanana nacho. Lamulo lake n'lakuti chomangira chikhale chofewa kuposa njerwa, kuti chidzidyeka ndicho, osati njerwayo.

Musayambire pa khoma. Madzi achoke kaye. Dothi lozungulira nyumba litsike masentimita osachepera 15 kunsi kwa pansi pa m'nyumba, ndipo lipendekere kunja. Popeza msewu wakwera, pakati pa msewu ndi khonde pafunika ngalande yolandira madzi, yotsetsereka sentimita imodzi pa mita iliyonse, yokathira mu ngalande yaikulu. Ikhale mita imodzi kuchokera pa khoma ndipo isazame kuposa fandeshoni, chifukwa mafandeshoni akalewa ambiri ndi osaya. Mukakumba pafupi mozama, mwaigwetsa nokha.

Mukatero gumulani pulasitala wa simentiyo ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono, mpaka theka la mita pamwamba pa pomwe chinyontho chalekezera. Girayinda ayi, imadula milomo ya njerwa. Pamene simenti yagwira zolimba moti ikuchoka ndi njerwa yomwe, pasiyeni, idzasiya yokha. Ntchito imeneyi ichitike mvula itangotha, mu Epulo kapena Meyi, khoma likhale lamaliseche chilimwe chonse. Khoma lokhuthala limauma pang'onopang'ono, pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa mwezi, ndiye musafulumire. Mchere ukatuluka pamwamba, sesani ndi bulashi youma n'kuutaya kutali. Mukautsuka ndi madzi mwaubwezera m'khoma.

Tsopano za laimu, pamene ambiri amalakwira. Laimu wa kumunda, uja wothira m'nthaka ya asidi, ndi mwala wongopera ndipo sagwira ngakhale mutadikira chaka. Wofunika ndi wootcha, ngati amene amachokera ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka, kapena wa m'matumba womangira. Wa m'matumba muviikeni mu mgolo, madzi akhale pamwamba, kwa tsiku lathunthu kapena kuposerapo, mpaka akhale ngati phala lolimba. Wa miyala wosazimitsa amawira ndipo amaotcha: laimuyo ndiye alowe m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa laimu, mutavala magalasi ndi magolovesi, kenako mumusefe n'kumusiya m'madzi mwezi umodzi kapena itatu. Mukamugwiritsa ntchito msanga, timibulu tosazima timadzaphulika mu pulasitala.

Muyezo ndi ndowa imodzi ya phala la laimu ku ndowa zitatu za mchenga. Mchenga ukhale wa mumtsinje, wokhakhala, wotsuka. Wosalala kwambiri wa m'mbali mwa nyanja umang'aluka pouma. Uyeseni m'botolo la madzi: mukakhutchumula n'kudikira maola atatu, thope lokhala pamwamba pa mchenga lisapitirire gawo limodzi mwa magawo 15.

Mizere yodyeka ikokoteni kuzama kawiri kuposa kukula kwa mzerewo, nthawi zambiri masentimita awiri kapena awiri ndi theka. Nyowetsani khoma dzulo lake ndi m'mawa womwewo, kanikizani laimu ndi kachitsulo kopyapyala, osangopaka pamwamba ndi chipande. Njerwa zodyeka kupitirira gawo limodzi mwa atatu zichotsedwe imodziimodzi, osapitirira zitatu kapena zinayi pamalo amodzi. Ina mukhoza kungoitembenuza, nkhope yabwino iyang'ane kunja. Pulasitala apakidwe kawiri, sentimita imodzi ulendo uliwonse, masiku asanu ndi awiri pakati pake. Laimu amalimba pokoka mpweya, osati pouma, ndiye dzuwa la Okutobala likamuumitsa tsiku limodzi amasanduka ufa. Pachikani ziguduli zonyowa kutsogolo kwa khoma sabata yathunthu. Pomaliza njereza yosungunula ngati mkaka, maulendo anayi kapena asanu, tsiku limodzi pakati.

Chinanso: ngati m'katimo anathira fulo ya simenti yokhuthala kufika pakhoma penipeni, nayonso ikukankhira chinyontho ku makoma. Dulani kampata ka masentimita 15 m'mbali monse, mudzazemo timiyala ndi laimu.

Kalipentala wa ku Namwera

Amisiri afotokoza bwino, koma pa za poyambira ndisiyana nawo pang'ono. Ngalande isanakumbidwe, munthu akwere kudenga. Chinyontho china chimene timati chikukwera chimakhala chikutsika: gatala lotsekeka kapena lata loboola likuthira madzi pamutu pa khoma, madziwo n'kumayenda m'kati mwa matope mpaka pansi. Kudziwa kwake n'kosavuta. Chochokera pansi chimalekeza pa mzere umodzi khoma lonse, pamene chochokera kudenga chimapanga chigamba chotsika pamalo amodzi.

Mitengo iyeseni ndi sikuludilaiva, makamaka nsonga za mapaso pamene zalowa m'khoma, ndi kunsi kwa nsanamira za khonde ngati zili zamatabwa. Ikalowa kupitirira sentimita imodzi, kapena thabwa likamalira ngati ng'oma, chiswe chadya m'kati. Musazule phaso lonse chifukwa cha nsonga. Matabwa akalewa ambiri ndi mlombwa, mbawa kapena mkungudza wa ku Mulanje, umene lero simungaugule mwalamulo. Tchinjirizani phasolo ndi mzati, dulani poola, lumikizani thabwa louma la muyezo womwewo, zipitirirane masentimita 60, mumange ndi mabawuti atatu a mamilimita 12. Thabwa laliwisi limafota, mabawuti n'kukhwepa mwezi usanathe. Oyilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka amangodetsa thabwa n'kuwonjezera ngozi ya moto; chiswe chimathetsedwa potsata njira zake zadothi mpaka pa chulu, ndi kuthira mankhwala ovomerezeka m'nthaka.

Malata akale ndi okhuthala kuposa ambiri a m'sitolo lero. Ngati dzimbiri lili pamwamba pokha, palani ndi bulashi ya waya, pakani penti wofiira woteteza dzimbiri, basi. Oboola okha ndiwo asinthidwe, ndi a geji 28 kapena 26 a mizere yozungulira yofanana ndi akalewo. Apitirirane mzere umodzi ndi theka m'mbali, masentimita 15 mpaka 20 kumapeto, msomali pamsana pa mzere osati m'khwawa. Khonde musalitseke ndi njerwa pofuna kachipinda kena ka lendi. Ndilo limateteza khoma ku mvula ndi dzuwa.

Mu siling'i mukapeza ndowe za mileme, wazani madzi musanasese ndipo valani chotchinga pamphuno, fumbi lake limadwalitsa mapapo. Mabowo atsekedwe madzulo itatuluka, apo ayi idzafera momwemo. Mukapeza mabodi otuwa a asibesitosi, osawadula kapena kuwaboola. Penti wakale wa m'zitseko akhoza kukhala ndi mtovu, ndiye apalidwe atanyowa, osamuotcha.

Mayi wa Mapulani

Bambo wa pa Boma, mng'aluwo ndi dzenje la aneba ndizo zondidetsa nkhawa kuposa pulasitala.

Mng'alu musaumate musanadziwe ngati ukuyenda. Lembani timizere tiwiri ta pensulo mbali zonse ziwiri, yezani mpata wake, lembani deti, ndipo muziyeza mwezi uliwonse kudutsa dzinja ndi chilimwe. Wosakwana mamilimita awiri ndipo wosasintha ndi wongodzaza ndi laimu. Wopitirira mamilimita asanu, kapena umene ukukula, ukufuna injiniya wa zomangamanga. Wopendekeka wochokera pa ngodya ya windo, wotambalala kumwamba, kawirikawiri umasonyeza kuti ngodya ya nyumba ikutitimira, ndipo madzi a mumsewu aja akhoza kukhala ndiwo afewetsa nthaka. Onaninso lintala, chopingasa cha pamwamba pa windo chija: ngati ndi yathabwa ndipo yaola, mng'alu umayambira pomwepo.

Za poloti yoyandikana, chitani izi asanakumbe. Jambulani makoma onse, mng'alu uliwonse uli ndi rula pambali, zithunzi zikhale ndi deti, ndipo kalata yofotokoza mmene nyumba ilili ipite kwa mwini polotiyo ndi ku ofesi ya mapulani ku khonsolo. Popanda zimenezi, tsiku lodzagwa khoma adzati linali long'aluka kale. Muyezo wosavuta ndi uwu: dzenje likhale kutali ndi fandeshoni yanu mofanana ndi mmene lazamira kunsi kwake. Likazama mita imodzi ndi theka kupitirira fandeshoni yanu, litalikire mita imodzi ndi theka. Akafuna kuyandikira, akumbe zigawozigawo za mita imodzi, kuthira konkire asanatsegule china, injiniya alipo. Kufupi ndi Shire madzi a pansi ali pafupi, ndipo akamapopa madzi m'dzenje masiku ambiri, mchenga wa pansi pa nyumba yanu umatsatira. Makina ogwedeza otsendera dothi asayandikire khoma la matope.

Pa malamulo pali makomo awiri. Loyamba ndi lamulo la zipilala ndi zinthu zakale, Monuments and Relics Act, limene limayendetsedwa ndi Dipatimenti ya Museums and Monuments. Chimene chinalembedwa m'gazeti ya boma ngati chipilala cha dziko sichigwetsedwa kapena kusinthidwa popanda chilolezo cholembedwa. Chitsanzo chili pafupi nanu: chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria cha 1903 pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pomwe palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, ndi mfuti ya sitima ya Guendolen imene inamenya nkhondo panyanja mu 1914. Sitolo wamba zambiri sizinalembedwe, komabe lemberani dipatimentiyo ikuyankheni pa pepala. Poyambira pafupi ndi ku Lake Malawi Museum, imene nayonso ili m'nyumba yakale ya kalabu ya azungu. Khomo lachiwiri ndi khonsolo: kusintha kamangidwe kapena ntchito ya nyumba kumafuna pulani yovomerezeka pansi pa Physical Planning Act ya 2016.

Tauni ino inayamba ngati Fort Johnston mu 1891, ndipo nyumba za zaka zoyambirira zatsala zowerengeka. Zambiri sizigwa ndi buludoza ayi, zimagwa ndi kukonza: kugumula khoma la pakati kuti sitolo ikule, osadziwa kuti ndilo linagwira makoma aatali a m'mbali. Ngati pakufunika khomo lalikulu, siyani zigawo za khomalo zosachepera theka la mita mbali zonse, ndipo bimu yonyamula kulemera kwa pamwamba ilowe khoma lisanachotsedwe, itakhala masentimita 20 kapena kuposa mbali iliyonse. Mawaya a magetsi ayende m'mapaipi apamwamba pa khoma, osasema ngalande m'njerwa zofewa.

Wa pa Boma

Zikomo nonse, zamveka. Funso latsala limodzi: njerwa zobwezeretsa zichokere kuti, poti boma linaletsa njerwa zootcha? Mabuloko a simenti sangalowe m'malo mwake?

Mmisiri wa Njerwa

Malamulo a 2018 aja analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. Inu simukufunika uvuni watsopano. Funani njerwa zakale pamene akugwetsa nyumba ya msinkhu womwewo, kapena pa mpanda ndi kitchini yakugwa ya kuseri kwa poloti yomweyo. Zomangidwa ndi matope zimachoka zathunthu, kungozipala basi. Tengani imodzi ya pakhoma lanu mukayerekeze, chifukwa zakale zimasiyana kukula ndi za masiku ano. Kusiyana kukapitirira theka la sentimita mizere siikumana. Zigundanitseni ziwiri: yolira ngati chitsulo ndi yabwino, yolira mogontha isiyeni, ndipo ya mchere woyera pamwamba isalowe m'khoma.

Buloko ayi, achimwene. Ndi lolimba, silimwa madzi mofanana ndi njerwa, ndipo limafota ndi kufutukuka mosiyana nazo, ndiye mng'alu umazungulira chigamba chonse ndipo njerwa zoyandikana nalo zimadyeka msanga. Werengani njerwa zoola, muwonjezere khumi pa 100 iliyonse za zosweka, ndipo muziviike m'madzi mphindi zingapo musanaziike.