Phokoso la jenereta pa mawu a agogo, lingachoke?

Nangozo:
Abale ndithandizeni. Ndinajambula agogo anga pa foni akufotokoza mbiri ya kwathu, koma tsikulo magetsi anali atathima nde jenereta ya aneba ikungoti duuu mpaka kumapeto, kwinaku ana akusokosera pakhonde. Agogowo anatisiya chaka chatha, kujambulanso sizingatheke. Pali njira yoti phokosoli lichoke mawu awo nkutsala?

Wapastudiyo:
Pepani achemwali. Musanagwire chilichonse koperani failo yoyambayo muisunge pena. Jenereta siyovuta kwenikweni chifukwa kulira kwake sikusinthasintha. Ikani Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, pa kompyuta, ndi yaulere, mupeze pamene agogo ali chete jenereta ikulira yokha olo masekondi awiri, musankhe pamenepo nkupita pa Noise Reduction nkudina Get Noise Profile, kenako musankhe failo yonse nkupitanso pa Noise Reduction kuti itsitse phokosolo. Imaloweza ma frequency (kunenepa kapena kuonda kwa kamvekedwe) a phokosolo nkumawatsitsa paliponse pamene mawu sakuwaposa. Pa mlingo wotsitsira phokosolo yambani cha pa 12 dB, mukakankha kwambiri agogo amveka ngati akuyankhulira m'madzi.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi:
Za ana zija nde zina. Mawu a mwana ndi a agogo amalowana m'ma frequency, ukadula a mwana wadulanso a agogo. Vutoli ndi lakale, Colin Cherry analemba za ilo mu 1953, amati cocktail party problem: munthu amatha kumvera mnzake mmodzi pagulu la anthu olongolola chifukwa makutu ndi awiri komanso ubongo umasankha. Njira ya masamu ya ICA (Independent Component Analysis) imalekanitsa mawu osakanizika, koma imafuna kuti mamaikolofoni asachepe poyerekeza ndi oyankhula, inu munali ndi foni imodzi basi.

Kadzidzi:
Zoona aphunzitsi, komabe masiku ano kuli za AI. Pulogalamu ya RNNoise yomwe anapanga Jean-Marc Valin mu 2017 inaphunzitsidwa kusiyanitsa mawu a munthu ndi phokoso ndipo sifuna profile. Kungoti anawonso ndi anthu, iwasiya momwemo. Chomwe ndikuchenjezeni, mapulogalamu ena a pa intaneti sangochotsa phokoso, amawumbanso mawuwo, nde poti ambiri anaphunzira kwambiri Chingerezi mupeza mawu achichewa apindika ndipo liwu silikumvekanso la agogo anu. Ine bola ana amveke patali koma liwu likhale lawolo.

Nangozo:
Zikomo nonse. Ndayesa ya Audacity, jenereta yatsika zedi moti mayina a midzi amene samamveka aja pano akumveka. Anawo ndawasiya, ndi zidzukulu zawo zomwe. Chatsala ndi pamene tambala analira pafupi penipeni ndi foni, pamenepo ndingatani achimwene?