Kodi "kutola nkhwangwa ndi mpini womwe" n'kuyamikira kapena n'kunyoza?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru pa mawu akuti "watola nkhwangwa ndi mpini womwe". Ndinawamva kwa azakhali anga pamene msuweni wanga anapeza ntchito yobwera pamodzi ndi nyumba yokhalamo, chonsecho iyeyo sanalembe ngakhale kalata yofunsira ntchitoyo. Ndikumva kuti akunena za munthu amene wapeza chinthu chathunthu osakhetsa thukuta, koma mmene azakhaliwo anawatchulira zinandisiya ndi chikayiko. Kodi ankayamikira mwayi wake, kapena ankamunena kuti ndi wokonda zaulere?

Yankho loyamba:
Mwana wanga, mphamvu ya mawuwa ili pa liwu lakuti "womwe". Nkhwangwa ikatayika kuthengo n'kukhalitsa, mpini umaola kapena kudyedwa ndi chiswe, ndipo wotola amangopeza chitsulo chokha. Pamenepo ntchito ikadalipo, chifukwa ayenera kufunafuna mtengo wolimba wokhala ndi mfundo kumutu, kuusema, kenako kuwotcha chitsulo pamoto n'kubowola nacho mpiniwo mpaka nkhwangwayo italowa bwino osagwedera. Amene waitola ili ndi mpini wake amayamba kudula mitengo tsiku lomwelo. Choncho awa ndi mawu a mwayi, ndipo mulibe chipongwe. Munthu wopeza zaulere pozunza anzake ali ndi mawu akeake, timati amadyera anzake masuku pamutu.

Yankho lachiwiri:
Bambo ayankhawa alongosola bwino, koma ndiwonjezerepo pang'ono. Mawuwa sitinenera munthu amene walandira malipiro a ntchito yake, ngakhalenso amene wachita kupempha n'kupatsidwa, pakuti chotola chimakupeza usakuchiyembekezera. Komabe tisaiwale kuti nkhwangwa imene mpini wake sunaole ndiye kuti yagwa posachedwapa, ndipo mwiniwake angathe kutulukira nthawi iliyonse. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake achikulire ena akamanena mawuwa amabisamo kachenjezo. Ngati azakhali anu anawanena akupukusa mutu, mwina ankadzifunsa kuti amene wamupezera ntchitoyo adzafuna chiyani m'tsogolo muno.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Mutu anapukusadi, ndipo ndakumbukira tsopano kuti atangonena mawuwo anafunsa kawiri konse dzina la munthu amene anamuitanira msuweni wangayo ku ntchitoko.