Wophunzira wa ku Wits akufuna kujambula mawu a bambo anga, ndivomere?

Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene munapondako ku yunivesite.

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi ku Rosettenville, anatipeza mtsikana wina wa ku yunivesite ya Wits, ku Braamfontein kuja. Akuchita digiri yachiwiri ku dipatimenti ya anthropology, komwe amafufuza za chikhalidwe ndi moyo wa anthu, ndipo akulemba za Amalawi amene ankabwera kumigodi ya ku South Africa kuno kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi. Atamva kuti bambo anga ali kuno (ndinawaitanitsa kudzaonana ndi dokotala wa maso), anapempha kuti adzacheze nawo katatu, uku akujambula mawu.

Bambo analembedwa Wenela mu 1972, ali mnyamata kwathu ku Ntcheu. Anakwera ndege ku Chileka mpaka Francistown, kuchoka apo sitima mpaka Joni. Ndege ina ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, iwo anali pamgodi ku Carletonville, koma mnzawo wogona naye chipinda chimodzi m'komponi anali momwemo. Kamuzu anaimitsa Wenela, bambo n'kubwerera. Theba, yomwe inalowa m'malo mwa Wenela, itatsegulidwa mu 1977 anapitanso, mpaka 1988. Zimenezi amakamba usiku wokhawokha, ndipo akafika pa mnzawoyo amangoti zii. Ana anga obadwira kuno Wenela amangoidziwa ngati depoti ya mabasi ku Blantyre.

Ine mtima ukufuna zilembedwe, mdalayu ali ndi zaka 75. Koma panyumba pano pali achibale amene mapepala awo sanalongosoke. Mawu ojambulidwawo akathera kuti? Fomu yoti asaine ili m'Chingerezi, chomwe bambo sawerenga. Alongo anga nawo akuti tikupereka mbiri ya banja kwaulere.

Mayankho

Mayi wa ku Turffontein: Achemwali, musamulowetse pakhomo. Kumanani naye kutchalitchi komweko. Za mapepalazo si zoseweretsa masiku ano.

Wophunzira wa ku Auckland Park: Mayi, kafukufuku wotere sayamba popanda chilolezo cha komiti ya yunivesite yoteteza anthu ofunsidwa. Muuzeni akuonetseni kalata yake, komanso dzina la mphunzitsi amene akumuyang'anira. Fomuyo aimasulire m'Chichewa, wina awawerengere agogo mokweza. Ali ndi ufulu wokana funso lililonse, wosiya pakati, ndiponso woti dzina lawo libisidwe. Ndalama musayembekezere, ambiri mwa ophunzirawa ngakhale ya thiransipoti imawavuta.

Bambo wa ku Mayfair: Kubisa dzina bwanji? Madala athu anagwira ntchito pansi pa nthaka akuitanidwa ndi nambala. Ngati mkuluyo afuna, dzina lake ndi mfunda wake zilembedwe bwinobwino. Mwawafunsa eni ake kodi?

Mwini funso: Zikomo nonse. Bambo a ku Mayfair, mwandikhudza, ndinali ndisanawafunse. Ndawafunsa madzulo ano tikudya nsima. Akuti avomera, bola mtsikanayo atipatse mawu onse amene ajambule kuti adzukulu adzamvere, komanso alembe dzina la mnzawo uja ndi mudzi wake. Koma achibale a malemuwo sitikudziwa ngati angalole. Alipo wa ku Ntcheu, cha ku Kasinje, amene akupita kumudzi mwezi uno kuti atifunsire?