Mabuku a zaupandu oti mzimayi ndiye mwini nkhani, ndani akuwadziwa?

NaBanda wa ku Dzivarasekwa:
Abale anga, ndangomaliza The No. 1 Ladies' Detective Agency ya Alexander McCall Smith, ndinagula dola imodzi kwa anyamata oyala mabuku pansi mtauni muja, chikuto chitathothoka kale. Mma Ramotswe wandigwira mtima, anagulitsa ng'ombe za malemu bambo ake nkutsegula ofesi yofufuza milandu ku Gaborone, ndipo bambowo anali a kumigodi ku Joni ngati agogo anga omwe. Ndikufuna ena otere, osati aja mkazi amangopezeka ali mtembo patsamba 3 kenako azibambo kumangosuta fodya mpaka buku kutha. Ndimawerengera mu kombi ndiye lisakhale chibuku cholemera.

Phiri wa ku Mbare:
Achemwali yambani ndi Miss Marple wa Agatha Christie, The Murder at the Vicarage ya 1930. Gogo ameneyu amangoluka kwinaku akutchera khutu miseche ya mmudzi, apolisi akamazungulirazungulira iye wamudziwa kale wakupha. Paja McCall Smith wanuyo anabadwira ku Bulawayo konkuno mu 1948, ambiri sadziwa.

Mayi a Tadala:
Ine Ramotswe amandichepera, tiyi wambiri magazi ochepa kkkk. Pezani The Book of Memory ya Petina Gappah, 2015, nkhani yake ndi ya mu Harare momwe muno. Memory ndi mtsikana wachialubino wokulira ku Mufakose, ali kundende ya Chikurubi kudikira kunyongedwa pa mlandu wopha mzungu amene anamulera, ndiye akulemba mbiri yake yonse mu selo. Ndinawerengera kandulo magetsi atazima, nsima inapserera pamoto ine osamva nkomwe fungo, bambo akunyumba mpaka kufunsa ngati ndalodzedwa.

Phiri wa ku Mbare:
Koma mayi, Memory safufuza mlandu, iye ndiye woimbidwa mlandu. Achemwaliwa afunsa za wosaka zigawenga.

Mayi a Tadala:
Achimwene, munthu ali mndende, aliyense wamuweruza kale, iye nkumafukula yekha zomwe makolo ake anamubisira, kumeneko sikufufuza? Chabwino, mukafuna wothamangathamanga tengani The Screaming of the Innocent ya Unity Dow, 2002. Mtsikana dzina lake Amantle apeza bokosi la zovala zamagazi za kamwana komwe kanasowa, akuluakulu onse akufuna nkhaniyo ikwiriridwe poti ndi za kupha anthu chifukwa cha zizimba, iye kukana. Wolembayo anali jaji wamkazi woyamba ku High Court ya Botswana ndiye za makhoti akuzidziwa. Koma mathero ake ndi owawa, musadzati sindinanene.

NaBanda wa ku Dzivarasekwa:
Za zizimbazo zandiopsa kale, ndiyamba ndi Memory. Mayi a Tadala mukadali nalo? Mundibweretsere Lamlungu kutchalitchi, ndikupatsani Ramotswe wangayu ngakhale mukuti ngwa tiyi, tsamba 41 lokha ndi lomwe mulibe.