Peptide yoletsa Andes virus: igwire kachilombo kapena selo?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Popanga peptide (kachidutswa kakafupi ka puloteni) yoletsa Andes virus, kachilombo ka mtundu wa hantavirus, kulowa m'maselo, ndi bwino igwire kachilomboko kapena malo a pa selo pomwe kamamatirira? Nanga kuyesa koyamba kungatheke popanda labu ya BSL-3 (BSL ndi mlingo wa chitetezo cha labu, kuyambira 1 mpaka 4)?

Chisale: A Nabanda, lozani kachilombo. Ambiri amathamangira ku β3 integrin, puloteni ya pa selo, koma β3 ilinso pa ma platelet, tizidutswa tothandiza magazi kuundana, ndipo odwala hantavirus ma platelet awo amakhala atatsika kale. Mukatseka pamenepo mutha kuwonjezera kukha magazi. PCDH1, yomwe inapezeka mu 2018 kuti ndi khomo la pa selo lolowera Andes ndi hantavirus ina yotchedwa Sin Nombre, ndi yabwinoko, komabe ndi puloteni ya munthu.

Kunja kwa kachilombo kuli minga ya mapuloteni awiri, Gn ndi Gc. Kachilomboko kakamezedwa ndi selo n'kulowa mu endosome (kathumba ka m'kati mwa selo), pH imatsika, Gc n'kudzipinda mpaka chikopa cha kachilombo chilumikizane ndi cha selo. Peptide yotengedwa ku stem (tsinde) ya Gc imakhala pamalo pomwe stem yeniyeniyo imayenera kukhala, kupindako n'kulephereka. Gulu la Nicole Tischler ku Chile linaonetsa izi mu 2016.

Mayi Phiri: Za labu, n'zotheka. Gwiritsani ntchito VSV (kachilombo kena kosaopsa kwambiri) yovekedwa Gn ndi Gc pa maselo a nyani a mu labu otchedwa Vero E6, mu BSL-2. Pambali pakhale VSV ya puloteni yake yomwe yakunja, G, yofananizira. Peptide ikaletsa zonse ziwiri, ndiye kuti sikulunjika pa Andes yokha, mwina ikungovulaza maselo. Yesaninso peptide ya ma amino acid omwewo koma osokonezedwa ndondomeko. DMSO yosungunulira peptide isapyole 0.5%, ndipo asidi wa TFA wotsalira poyeretsa peptide pa makina a HPLC achotsedwe, chifukwa nayenso amapha maselo n'kukunamizani kuti mankhwala agwira. Thirani peptide pa nthawi zosiyana: kachilombo kasanafike, pamodzi nako, ndi katalowa kale, mudziwe pomwe ikugwira.

Chisale: Kuwonjezera apo, peptide yaifupi imagwira mofooka, pomwe kachilombo kali ndi minga yambirimbiri. Ofufuza a ku University of New Mexico anamanga ma peptide ozungulira ambiri pa nanoparticle (kanthu kakang'ono kwambiri kowanyamulira) imodzi, ndipo kuletsa Sin Nombre kunakula. M'magazi ma protease, omwe amaphwanya mapuloteni, amaidula peptide, impso n'kuisefa msanga, choncho iikeni mu serum (madzi a m'magazi) pa 37°C muone yotsala musanaganize za nyama. Hamster wa ku Syria ndiye amadwala Andes mofanana ndi munthu, ndipo ntchito imeneyo imachitikira mu BSL-4.